Chimkuzamawu cha Pamzikiti wa Apongozi Anga

Makinawo anafika kwanga atakulungidwa m'chitenje, mkazi wanga atawasenza pamutu kuchokera kusiteshoni. Anawatula patebulo langa la ntchito, pakati pa mawailesi a eni ake, osayamba n'komwe wapereka moni. Ndinangodziwiratu kuti kwawo kumene ankachokerako sikunali bwino.

Masiku amenewo ndinkakonza mawailesi ku Balaka, pakhonde la sitolo ina imene Amwenye anaisiya atauzidwa kuti asamukire m'mizinda ikuluikulu. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, yoti khadi likatsalira kunyumba ndiye kuti ngakhale mumsika sulowa. Ntchitoyi ndinaiphunzira kumishoni, kwa bulaza wina wachizungu, waukali zedi, amene ankakugogoda zala ndi pensulo ukangounjika mtovu polumikiza waya. Ukaliwo ndinatengako, sindikana. Mpaka lero ndikaona chinthu chokonzedwa mwaulesi ndimapsa mtima ngati kuti chinali changa.

"Nanga mwabwera ndi katundu wanji, mayi?" ndinafunsa.

"Ndi chimkuzamawu cha kumzikiti," anatero mkazi wanga. "Akufuna kuwachotsa bambo pa ntchito yawo."

Anakhala pansi, ndinamtungira madzi, ndipo anayamba kufotokoza.

Apongozi anga, bambo ake a mkazi wangayo, ndiwo ankaitana anthu ku swala, mapemphero a Chisilamu, pamzikiti wa m'mudzi mwawo ku Machinga, mukadutsa Liwonde kulowera ku Nayuchi. Kuitanako Asilamu amati azana. Ntchitoyi anaiyamba mkazi wanga asanabadwe, akuimirira pachulu cha pafupi ndi mzikiti, zala zili m'makutu, mawu awo n'kumawoloka dambo mpaka kutsidya. Kenaka mwana wina wa m'mudzimo amene anakagwira ntchito ku Joni anapereka kumzikiti ampulifaya, maikolofoni ndi sipika yaikulu yonga lipenga, zonse zoyendera batire la galimoto. Kuyambira pamenepo apongozi anasiya chulu. Ankaitanira m'kachipinda ka pambali pa khomo la mzikiti, sipika ikubangula pamtengo pamwamba pa mutu wawo.

Tsoka linadza pamene kunali msonkhano wa chipani kufupi ndi kumeneko, akuluakulu ake n'kubwereka makinawo. Masiku aja ndani akanakana? Makinawo anabwerera ali zii, osalankhula. Anthu a pamzikiti anapita nawo kwa mmisiri wina wa pamsika ku Liwonde, amene anawadzutsadi. Koma kuchokera tsiku limenelo, apongozi akamaitana motsitsa zinkamveka bwino, akangokweza mawu kunkangomveka phwerere, ngati chitini chong'aluka. Zinakhala choncho kwa nthawi yaitali, mpaka akuluakulu a pamzikiti anagawikana. Ena ankati vuto ndi makina. Ena ankati iyayi, makina alibe mlandu, kummero kwa mkuluyo ndiko kwatha. Potsiriza anagwirizana kuti makinawo akakonzedwenso, ndipo podikira, bambo wina wocheperapo msinkhu amene anaphunzira bwino za chipembedzo aziitana ndi pakamwa. Makina akabwera apongozi adzaitanenso, Ramazani isanayambe. Zikadzamvekabe mong'aluka, ndiye kuti wogwirizirayo atenga malowo mpaka kalekale.

"Bambo sakudya," anatero mkazi wanga. "Akungoluka mkeka tsiku lonse. Mukonze chinthuchi kuti anthu amve kuti mawu a bambo akadalipo."

Ine pa mkulu ameneyu sindikanachita ulesi. Ndine Mkhristu, wa banja la Chilomwe, makolo anga anachokera ku Mozambiki ndi makasu paphewa. Pamene ndinkafunsira mbeta m'mudzi wa Asilamu umene uja, amalume ake a mkazi wanga, eni mbumba, anakanitsitsa. Kumeneko bambo alibe mawu ambiri pa ukwati wa mwana wake, koma apongozi anga analankhula kamodzi kokha pabwalo. Anati mnyamatayu manja ake ndawaona, si aulesi ndipo si akuba, za mumtima mwake amadziwa ndi Mulungu. Nkhani inathera pomwepo. Ndinkawakonda, ndinene mosabisa, kuposa mmene mkamwini amayenera kuonetsera.

Makasitomala atachepa ndinamasula chivundikiro cha makinawo. Aaa, koma anthu ena! M'katimo munali ngati mwapalasa nkhuku. Mtovu unali utadontha paliponse, mawaya ena opotedwa ndi zala basi. Ndinatukwana mokweza mpaka telala amene tinkagawana naye khonde anaimitsa makina ake osokera n'kufunsa ngati ndalumidwa ndi chinkhanira.

Ndifotokoze pang'ono kuti mumvetse chimene chinandikwiyitsa kwenikweni. Nthambo yochokera ku maikolofoni imakhala ndi mawaya awiri m'kati. Mawu a munthu amayenda m'mawaya onse awiriwo koma mosemphana: mphamvu ikamakwera mwa wina, mwa mnzake imakhala ikutsika. Phokoso lotoledwa m'njira, kaya la mphezi yakutali kaya la injini, limalowa mofanana mwa onse awiri. Ndiye polowera m'makinamo pamakhala mathiranzisita awiri, tinthu tating'ono ta miyendo itatu timene timakuza mphamvu ya magetsi. Kumishoni tinkangowatchula kuti mapasa. Aliyense amalandira waya wake. Chimene chabwera chofanana mbali zonse amachitaya, chosiyanacho ndicho amachikuza, n'kuchipereka pa waya mmodzi yekha wopita kutsogolo, kumene kuli mathiranzisita akuluakulu okankha sipika.

Pamene ziwiri zikusanduka chimodzipo m'pamene pagona nkhani yonse. Amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi, munsi wina ukutsika wina ukukwera, kugunda kwake kumalongosoka ngati minsiyo ndi yofanana. Wina akhale ndi munsi wolemera, mnzake wopepuka, mumva kutsimphina muli kutali. Mapasa aja akakhala osafanana, mawu apansipansi amadutsa bwinobwino. Koma mawu akakula, mmodzi amafika pamene mphamvu zake zathera mnzake akadali nazo, ndipo mawuwo amatuluka atadulidwa mbali imodzi. Khutu limamva ngati munthu wasasa mawu.

Tsono mmisiri wa ku Liwonde uja anapeza kuti mmodzi wa mapasawo wapsa. M'malo mofuna wofanana naye, anangozula thiranzisita ina kaya m'chiyani, ya mtundu wina, yamphamvu kuposa yotsalayo, n'kuimatapo. Sizinathere pomwepo. Pansi pa mwendo wa phasa lililonse pamayenera kukhala lezisita yaing'ono, kanthu kobweza magetsi pang'ono kuti asathamange mopitirira. Timalezisita timeneti ndito timachititsa kuti chotuluka chizitsatira cholowa, kaya mawu ndi aang'ono kaya aakulu. Koma timadyako mphamvu, makina safuula kwambiri tikakhalapo. Mmisiriyo ataona kuti kamodzi kapsa anachotsa tonse tiwiri, n'kulumikiza ndi waya wamba. Ndikhulupirira kuti atayatsa anamva phokoso lakula n'kudziwombera m'manja. Anthu athu kukonda phokoso, eti!

Zipangizo zatsopano ku Balaka kunalibe, ndipo ku Blantyre unkatha kupita n'kubwerako chimanjamanja. Chuma changa chinali chitini cha mkaka chodzaza mathiranzisita ozula m'mawailesi akufa. Ndinawakhuthulira pakatoni n'kuyamba kuwayeza ndi mita imodziimodzi, kuona pamene muvi ukuima, n'kuwayala m'magulu. Ntchito yotopetsa maso, yochita pakati pa makasitomala, wina akufuna batire, wina akudandaula kuti wailesi yake ikungolira ngati njuchi. Panapita masiku ndisanapeze awiri oimitsa muvi pamalo amodzimodzi. Nditawapeza ndinawawotcherera m'malo mwawo, ndinabwezeretsa timalezisita tija, ndipo ndinalimbitsa miyendo ya mathiranzisita ena awiri a pamwamba pawo, amene ntchito yawo ndi kutenga magetsi a mbali ino n'kuwakopera mbali inayo kuti thukuta la mapasa onse awiri lithere pa waya mmodzi uja. Kenaka ndinapempha ulusi kwa telala. Ndinawamanga mapasawo pamodzi, nkhope ndi nkhope, kuti wina akatentha mnzakenso atenthe chimodzimodzi, chifukwa thiranzisita ikafunda imasintha khalidwe.

"Amisiri, mwayamba kumangitsa maukwati?" anatero telala akusuzumira. "Ankhoswe ake ndi ndani?"

"Sokani mabatani inu," ndinamuyankha. "Za eni ake zisiyeni."

Makina oonera mawu ngati mafunde pagalasi, amene ndinawaona kumishoni, ine ndinalibe. Ndinali ndi mluzu wa pakamwa panga. Ukaika mita pa waya mmodzi uja n'kuimba mluzu wosasinthasintha pa maikolofoni, kuyamba motsitsa n'kumakweza, muvi umakuuza zoona. Ngati mbali imodzi ikudulidwa, muviwo umapendekera kumbali mluzu ukamakula. Ndisanakonze unkapendekera moonekeratu. Nditakonza ndinaimba mluzu mpaka masaya kuwawa, agalu a kusiteshoni kubwera kudzaona, muvi uli chiimire. Ndinalumikizako wailesi, nyimbo inatuluka yoyera, gitala payekha, ng'oma payokha. Telala anati zikumveka bwino koma sizikufuula ngati poyamba. Ndinamuuza kuti n'zoona, ndipo n'zimene ndimafuna.

Tinakwera sitima ya ku Nayuchi ine ndi mkazi wanga, makina ali pamiyendo panga ulendo wonse, pakati pa madengu a matemba ndi njinga zopachika. Ndinali wonyada, ndisaname. M'mutu mwanga ndinkaona kale nkhope za akuluakulu aja amene ankati kummero kwa apongozi kwatha. Tinatsika pa kasiteshoni kena kakang'ono n'kuyenda wapansi, dzuwa lili pamutu.

Mwambo wa kumeneko, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Sakhala pamkeka umodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Choncho amayi a mkazi wanga anandilonjera ali kuseri kwa nkhokwe, kumene ankapeta mpunga. Atamva kuti makina abwera, analankhula ndi mwana wawo mokweza ndithu kuti inenso ndimve.

"Uwauze bambo a ku Balakawo kuti chinthucho ngati chakanika, palibe amene angawaseke kuno. Akhoza kubwerera nacho akachionenso bwino, ngakhale Ramazani itadutsa. Palibe chothamangira."

Ine ndinamva ngati akundiderera. Ndinayankha kudzera mwa mkazi wanga kuti asade nkhawa, ntchito yatheka. Lichero linasiya kulira kanthawi, kenaka linayambanso. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limenelo khutu langa linali ku makina. Mayi amene uja ankagona nyumba imodzi ndi mkuluyo, ankamva mmene ankapumira, ndipo mwambo sunawalole kundiitanira pambali n'kundiuza maso ndi maso.

Apongozi aamuna ndinawapeza pakhonde, atavala mkanjo woyera ndi kofia, mkeka wosatha kuluka uli pamiyendo. Anali ataonda. Anandilonjera m'Chiyao monga mwa chizolowezi chawo, "Ali uli?", ine n'kuyankha "Ndili chenene," ndipo Chiyao changa chinathera pomwepo. Anaseka monga ankachitira nthawi zonse, n'kubwerera ku Chichewa.

Chinthu chimodzi chinkandivutabe mumtima. Mluzu ndi nyimbo za m'wailesi si munthu. Ndinkafuna kumva mawu enieniwo akudutsa m'makinamo tisanawakweze pamtengo. Ndinawapempha kuti tilowe m'nyumba, sipika ndiivundikire pabulangeti, mphamvu nditsitse, iwo aitane azana kamodzi kokha kuti ndimve ngati pali potsala.

Anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana.

"Akamwini, azana si nyimbo. Sayeserera. Ndikatsegula pakamwa ndiye kuti nthawi yakwana, ndipo ndikuitanadi anthu kuti abwere kwa Mulungu. Tsono inu mukuti ndiitane bulangeti?"

"Iyayi bambo, n'kungofuna kumva basi. Palibe wina amve."

"Mwini wakeyo amva."

Ndinayesa njira ina. Ndinati chabwino, asanene mawu a azana, angokoka "aaa" mokweza, motalika, monga amachitira.

"Ndikuwe ngati mbuzi m'nyumba mwanga, mkamwini wanga akundipenya?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Bweretsani kuno, ndikupatseni moni."

Anagwira maikolofoni n'kunena salamu, n'kufunsa ngati ku Balaka mvula yayamba. Mawu anatuluka oyera, enieni, ngati kuti munthuyo ali pansi pa bulangeti. Koma kulankhula si kuitana. Ndinanyansidwa nazo ndithu, chifukwa mmisiri sapereka ntchito imene sanaiyese mpaka pamapeto. Akanakhala kasitomala wa pakhonde langa tikanakangana. Koma mkamwini sakula mwendo, ndinangoti zikomo n'kukulunga nthambo.

M'mawa mwake tinapita kumzikiti. Shehe ndi akuluakulu ena anandilandira mwaulemu, ndinavula nsapato, ndipo anandilola kulowa m'kachipinda kaja. Batire linali litatchajidwa ku Liwonde. Ndinakwera pamtengo kukamangirira sipika, ndinalumikiza zonse, ndinagogoda maikolofoni ndi chala kuti ndimve kuti moyo ulimo. Kupitirira apo shehe sanalole, anati pamtengo wa mzikiti sipatuluka mawu achabe, anthu ali kuminda angataye makasu. Anagwirizana kuti apongozi aitane swala ya Asiri, ya masana dzuwa litapendeka. Mwezi wa Ramazani unkayembekezeka kuoneka masiku omwewo.

Nthawi itayandikira, apongozi anasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi monga mwa lamulo lawo, n'kulowa m'kachipindamo. Ine ndinakhala chogwada pakona, mita yanga ili pa waya uja, dzanja lili pa kotembenuzira mphamvu. Kunja kunali anthu ambiri kuposa a swala ya masana wamba. Nkhani inali itamveka mudzi wonse.

Anaima mowongoka, anaika zala m'makutu, n'kuyamba.

Mawu oyamba aja, otamanda ukulu wa Mulungu, anatuluka pamtengo paja oyera ngati madzi a pachitsime. Anali mawu omwe aja ndinkawamva ndili mnyamata wodzafunsira mbeta, okhala ndi kakunjenjemera kokoma kumapeto kwake, oti ngakhale ine wa tchalitchi ndinkaima panjira kumvetsera. Mumtima ndinati, mwamva tsopano, inu onena za kummero?

Kenaka anafika pokoka mawu motalika, pokweza. Anakwera bwino, anafika pakati, ndipo mpweya unawathera. Mawu anagwedezeka, anang'ambika pawiri, n'kuduka asanafike kumene ankapita. M'sipika munamveka kupuma kwawo, kokoka movutika, kolira ngati kamluzu m'chifuwa. Mudzi wonse unakumva kupuma kumeneko.

Ndinayang'ana mita msangamsanga, ndikupemphera kuti muvi ukhale utapendekera. Unali chiimire pamalo pake. Makina analibe mlandu.

Anayamba mzere wotsatira, zinachitikanso chimodzimodzi. Kuseri kwa mudziwo kuli phiri la miyala, ndipo munthu akafuula mawu amabwerera. Nthawi yonse imene makina anali owonongeka, chobwerera kuchokera kuphiriko chinali chiphokoso chabe, chosadziwika mwini wake. Tsiku limeneli kunabwerera munthu. Apongozi atapumira pakati pa mizere ndinaona akuchotsa chala chimodzi m'khutu. Anapendeketsa mutu, kumvetsera nkhalamba ina ikulephera kumaliza mawu kuphiri kuja. Anakhala chete nthawi yotalikirapo kuposa mmene zimayenera kukhalira. Ndinaganiza kuti asiyira pomwepo. Koma anabwezera chala m'khutu n'kupitiriza, mzere ndi mzere, osadumpha ngakhale liwu limodzi, mpaka kumapeto.

Anatuluka osandiyang'ana. Anthu analowa kukaswali, ine ndinavala nsapato n'kukakhala pa chitsa kunja. Kunena zoona ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Mkazi wanga anandipeza pomwepo, maso ali ofiira.

"Mwachita chiyani, bambo inu?"

"Ndakonza."

"Simungabwezeretse mmene zinalili? Munene kuti china chake chatsala. Muchitenge, mubwerere nacho ku Balaka."

Zinali zotheka, ndipo ndinkadziwa. Kachidutswa ka waya kudumphitsa timalezisita tija, kuchotsa ulusi, kubwezera thiranzisita yolakwika imene inali m'thumba mwanga momwemo, ndipo chiphokoso chikanabwerera n'kuwafunditsa monga chinkachitira kale. Anthu akanapitiriza kukangana ngati vuto ndi makina kapena munthu, ndipo pokanganapo mkulu uja akanatsala ndi pobisala. Ndakhala ndikuganiza za zimenezi zaka zonsezi. Ntchito yanga yonse, kuyambira kumishoni, inali kuphunzitsa zitsulo kuti zisaname, zitulutse chimene zalandira, osawonjezera, osachotsa. Ndinkayesa kuti chimenecho n'chabwino nthawi zonse ndiponso kwa aliyense. Sindinaganizepo kuti munthu angakhale akutsamira pa chinthu chowonongeka, moti ukachiwongola iye n'kugwa. Makinawo sindinawakhudze.

Swala itatha akuluakulu anatuluka mmodzimmodzi. Anandigwira chanza, akuti asikomo, mwagwira ntchito. Palibe anatchula za mawu. Mkulu wina amene ndinauzidwa kuti ndiye ankalimbikira zoti apongozi apume anadutsa maso ali pansi, ngati kuti iye ndiye waluza mlandu.

Apongozi anatuluka pomalizira. Anandikodola ndi dzanja, tinayenda pang'ono mpaka pansi pa mtengo wa mango kumbuyo kwa mzikiti, n'kukhala pamizu. Anayamba apuma kaye.

"Akamwini, ndikufunseni. Chinthu chanuchi, pali chimene chikuwonjezera pa mawu a munthu?"

Bodza linali kale pamlomo. Ndinayamba kunena kuti mwina pakufunika kusintha pang'ono, batire mwina silinadzaze bwino. Anakweza dzanja.

"Mundiyankhe ngati mmisiri, osati ngati mkamwini."

"Iyayi bambo. Sichikuwonjezera kanthu."

"Nanga kuchotsa?"

"Sichikuchotsanso."

"Ndiye amene ndamumva kuphiri uja ndine."

"Eee, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akusisita ndevu. Kenaka anaseka kaphwete kakang'ono, kopanda chimwemwe.

"Nthawi yonseyi ndakhala ndikukwiyira chitsulo. Ndinkachitemberera mumtima ndikamalowa m'kachipinda kaja. Kani chinkandisungira ulemu." Kenaka anati, "Anthuwa anandipirira, eti?"

Misozi inali itayamba, ine munthu wamkulu, pamaso pa apongozi. Ndinati mundikhululukire, ndimafuna kuti anthu akumveni.

"Andimva," anatero. "Inenso ndadzimva. Musachikhudzenso chinthucho, chisiyeni mmene mwachikonzeramo. Mawu a Mulungu asamatuluke ophwanyika chifukwa cha ine."

Anadzuka pogwira phewa langa, ndipo sanalowere kunyumba. Analowera njira ya kwa bambo uja ankagwirizira. Sanadikire kuti akuluakulu akhale pansi n'kuwauza.

Dzuwa likulowa, nthawi ya swala ya Magharibi, ndinawaona akubwera awiriwiri, apongozi atamugwira mnzawoyo padzanja. Analowa naye m'kachipinda kaja. Ndili pakhomo ndinamva akumulangiza kuti asayandikitse pakamwa kwambiri, aime motalikirako pang'ono, ndipo asathamange, mawu aziwapatsa mpata wofika kutsidya kwa dambo. Kenaka anatuluka n'kukakhala pa sitepe ya mzikiti pamodzi ndi amuna ena onse.

Azana inayamba, yamphamvu, yosadukiza. Ine ndinali nditaima chapatali ndi mkazi wanga, ndipo ndinaona milomo ya apongozi ikugwedezeka mzere uliwonse ukatha. Ndinafunsa monong'ona ngati akumukonza mnzawoyo.

"Iyayi," anatero mkazi wanga, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Womva azana amayenera kuyankha chapansipansi, mzere ndi mzere. Akuyankha. Chibadwire changa sindinawaonepo bambo akuyankha pamzikiti uno."